Utuchi wa Pamsana pa Gologolo

M'chipinda chathu chozizira muli lamulo limodzi, ndipo ngakhale osesa amalidziwa: gologolo akalowa m'tulo ta nyengo ya chisanu, timamuwaza utuchi pamsana, ndipo palibe woukhudza. M'mawa uliwonse ndinkalowa ndi tochi yofiira kukayang'ana. Utuchi ukakhala pomwepo ndiye kuti sanadzuke. Ukagwa, wadzuka, ndipo masiku a tulo take timayambanso kuwawerenga pa loyamba.

Agologolo anga analipo makumi awiri. Ndinakawagwira ndekha kumpoto mu Ogasiti, udzudzu ukundiyesa ndiwo. Ndinkafuna ziwindi zawo pa tsiku lachisanu ndi chitatu la tulo, thupi litazizira ngati mwala, mtima ukugunda kanayi kokha pa mphindi. Nthawi imeneyo majini ambiri, timalangizo ta m'maselo, amakhala atatsekedwa, ochepa okha n'kumagwirabe ntchito. Ine ndinkafuna kudziwa kuti otsalawo ndi ati. Yankho lake ndiye linali mutu womaliza wa digiri yanga. Bambo anga ku Duluth, amene khansa inali itawagwira mapapo, anali atagula kale tikiti yobwera kuno ku Fairbanks mu Meyi kudzandiona nditavala mkanjo.

Lachiwiri lina kumapeto kwa Malichi ndinalowa monga mwa nthawi zonse. Bokosi loyamba, msana mbee, wopanda utuchi. Bokosi lachiwiri chimodzimodzi. M'bokosi lachitatu gologolo akunjenjemera, maso ali tong'o, kundiyang'ana. Onse makumi awiri! Pashelefu panali burashi yaing'ono yosakhala yathu.

Ndinapita ku ofesi ya a Pulofesa Wendell Pruitt, mkulu wa labu yathu, ndipo sindinagogode. Ndinawapeza akumwa khofi, miyendo ili patebulo.

"Ndani wakhudza agologolo anga?"

"Aa, Marit, khala pansi kaye. Dzulo kunabwera wojambula wa magazini. Tikufuna chithunzi cha pachikuto."

"Ndiye?"

"Ndiye anati tinyalala ta pamsanato tikuipitsa chithunzi. Ndinangowapukuta pang'ono, n'kuwanyamula m'manja mphindi ziwiri basi. Nyali zake zinali zowala, inde, koma..."

"Tinyalala? Inuyo, a Pulofesa? Amene munandiphunzitsa kuwaza utuchiwo ndi inu! Munandikalipira pamaso pa anthu chifukwa chotsokomola m'chipinda chija!"

"Usakweze mawu. Agonanso."

"Mu Malichi muno? Mwalemba buku lonse lonena kuti gologolo wodzutsidwa nthawi ino sagonanso. Kapena munalemba muli m'tulo inunso?"

Anatsitsa miyendo. Munthu ameneyu zaka makumi atatu waphunzitsa kuti kungomugwira gologolo ndi dzanja lofunda, mtima umathamanga, mafuta a m'khosi amayaka n'kufunditsa thupi, ndipo pakangopita maola ochepa majini ogona aja onse amakhala atatseguka. Chiwindi chotero sichingandiuze kanthu za tulo. Ankadziwa bwino lomwe. Kungoti ataona kamera nzeru zinathawira ku mapazi.

"Ugwiranso ena mu Ogasiti," anatero. "Chaka chimodzi si kanthu, mwana iwe. Sayansi imafuna kufatsa."

Ndinapsa mtima. Ndinatuluka, ndinakatenga thumba la utuchi, n'kubwerera kudzalikhuthula lonse patebulo pawo, m'khofi momwe.

"Musaukhudze," ndinatero. "Tione ngati mudzadzuke."

Ndinadikira sabata yathunthu, ndikuwaza utuchi m'mawa uliwonse. Anagonanso atatu okha. Atatu sakwana kutsimikiza kanthu, ndipo komiti ya digiri inandiuza zomwezo mwaulemu wonyansa. Chithunzi chinatuluka bwino kwambiri: a Pruitt akumwetulira, gologolo wanga nambala 14 ali m'manja mwawo, msana woyera.

Lamlungu masana ndinaimbira bambo. Ankapuma movutikira, koma anayamba ndi nthabwala ngati kale.

"Makoswe ako aja akadali m'tulo?"

"Adzuka, adadi."

"Zabwino! Ndiye wamaliza. Suti ndaipititsa kale kosoka, yandikulira."

"Adadi, si Meyi uno. Ndi wa chaka chamawa."

Ndinkangomva makina awo a mpweya akuliza fyoo, fyoo. Dokotala anali atatiuza tonse awiri kuti tisaganize zoti bambo apitirira Okutobala.

"Chabwino, mwana wanga," anatero. "Ndimuuza telala asafulumire."