Manja Kumbuyo

Mphuno ya Detlef inathyoka m'mawa wa tsiku la mpikisano wa galimoto, ndipo amene anaithyola anali Ermes Malavasi, mkulu wa amakaniko a timu ya a Zoboli, bambo wa imvi zake amene anali asanamenyepo munthu chikwatirireni.

Gwero lake linali injini. Timu ya a Zoboli inkapanga yokha galimoto zake ku Modena konkuno, koma injini inkabwereka ku kampani ya Ajeremani yotchedwa Wendtmann. Tsono a Wendtmannwo anali ndi timu yawoyawo pa mpikisano womwewo. Injini zatsopano zinkapita kwa ana a m'nyumba, a Zoboli n'kumalandira zotsala, kwinaku akuthokoza ngati apatsidwa ng'ombe. Pangano linkanena mosapita m'mbali kuti munthu wa a Zoboli asakhudze injini, ngakhale kutukula chivundikiro chake, kuopa kuti angabe nzeru. Ntchito imeneyo inali ya Detlef yekha, Mjeremani wamtali amene ankabwera ndi injinizo. Ankavala ovolosi ya timu ngati anzake, koma aliyense ankadziwa kumene mtima wake unali.

Akafuna kutsegula, Detlef ankakuwa kuti, "Manja kumbuyo!" Pamenepo azibambo andevu zawo, anthu oti atha kumasula galimoto yonse atatsinzina, ankabwerera m'mbuyo n'kupinda manja ngati ana a sukulu pamaso pa ahedi. Poyamba zinkawawa. Zaka zitapita zinalowa m'mafupa, moti ku bala wina akangokuwa mawuwo mwanthabwala, anthu ankasiya matambula pa tebulo asanaganize n'komwe.

M'mawa umenewo Ermes anamva fungo la petulo kuseri kwa mpando wa dalaivala. Mu galaja petulo amanunkha paliponse, koma uyu anali wamuwisi, ndipo pansi panali kadontho. Anapukuta, n'kupita kukamwa khofi. Pobwera anapeza kadontho kena. Wokhala pa mpando umenewo anali Ilario Guerzoni, mwamuna wa mwana wake mmodzi yekhayo, Nives.

"Detlef, tatsegula apa tione," anatero Ermes.

"Ndaona kale. Ndi mafuta otayikira pothira."

"Ndapukuta ine ndi manja angawa, adonthanso. Tsegula."

"Anthu ojambula ali mbwee panjapa. Sinditsegula injini ya Wendtmann chifukwa nkhalamba ina yalota."

"Nkhalamba ndi ndani, galu iwe?"

"Pita ukapope matayala, Malavasi. Za injini si zako."

Ermes anatambasula dzanja kuti atukule yekha chivundikirocho. Detlef anamumenya pa mkono ndi chogwirira cha sikuludalaiva, khwa! Basi, mdima unamugwera Ermes m'maso. Chibakera choyamba chinafikira pa mphuno penipeni, ndipo aliyense mu galajamo anamva fupa likulira. Detlef anagwera pa bokosi la zipangizo, masipanala n'kumwazika pa simenti. Anadzuka magazi ali chuchuchu, n'kumugunda Ermes ndi mutu pa chifuwa. Anagubuduzana pansi pa mapaipi a mpweya, wina atagwira mnzake pakhosi, wina akukanda m'maso. Ermes anakwera pamwamba n'kuyamba kusinja nkhope ija, akutukwana Detlef, mayi ake, ndi dziko lonse la Germany. Amakaniko anayi ndi amene anamuzula pamenepo, iye akuponyabe mateche.

A Zoboli, eni ake a timuyo, analowa akuthamanga, kansalu kopukutira pakamwa kadakali pa khosi. Anali ku tenti ya alendo, kumene ankadyetsa mabwana a Wendtmann chakudya cha tortellini. Atamuona Detlef akutengedwa kupita kwa anamwino, nkhope ili ngati nyama ya pa butchala, anagwira Ermes pa kolala n'kumukankhira kuseri kwa mulu wa matayala.

"Wapenga? Ukufuna kundipha ine?"

"Galimoto ikudontha, bwana."

"Idonthe! Ukudziwa amene ali mu tentimo? Lero ndi lero, akusankha woti amupatse injini chaka chamawa. A timu ya Angerezi akhala akuwanyambita mapazi chiyambire chilimwe. Ndiye iwe ukufuna ndikawauze kuti injini yawo ikukodza, pa mpikisano wa kwathu, anthu onse akuona? Chaka chamawa galimoto tizidzakankha ndi manja?"

"Muli mkamwini wanga mmenemo."

"Ndipo ayambira patsogolo pa galimoto zonse za Wendtmann, chinthu choti sichinachitikepo! Mwini injini wanena kuti ili bwino. Iweyo unaiona m'kati?"

Ermes anali asanaionepo m'kati chibwerereni injinizo.

Komabe mphamvu imodzi anali nayo. Mwambo wa timuyo unali woti galimoto siichoka mu galaja mkulu wa amakaniko asanaimenye kakhofi pa mphuno. Akanakana, palibe makaniko akanaitsitsa pa jeke, ngakhale a Zoboli atalira misozi ya magazi. Ermes anaima pafupi ndi galimotoyo, milomo itatupa, akuganiza zokana.

Ilario anatulukira akutafuna buledi wa nyama ya mortadella, chipewa chake cholimba chili m'khwapa.

"Apongozi! Ndamva kuti mwayambitsa nkhondo ina ndi Ajeremani. Mwapambana?"

"Akamwini, musakwere galimoto iyi. Ikununkha petulo."

"Aaa, bambo, galimoto inunkhe chiyani, maluwa? Inu simunafune n'komwe kuti ndikwatire mwana wanu, lero mukufuna kundilandanso chikho?"

"Sindikuseka ine."

Ilario anasiya kutafuna. Anayang'ana pansi pa galimoto, pamene wina anali atapukutapo kale, kenako n'kuyang'ana apongozi ake.

"Mukandiuza kuti mwaona pamene pang'ambika, nditsika pompano. Mwaona?"

"Sindinaone."

"Ndiye ndisiyeni ndiwadyetse fumbi anthuwa kamodzi kokha. Nives ali pa mipando yapamwamba apo, wavala chipewa chofiira. Ndikaime pambali ngati mlonda iye akuona?"

Ermes anamumanga yekha malamba, n'kuwakoka mpaka Ilario anadandaula kuti, "Mundithyola nthiti, madala!" Kenako anazungulira kutsogolo n'kumenya mphuno ya galimoto ija. Anachita ndi dzanja lake, palibe anamugwira mkono, ndipo ankachita mantha kwambiri.

Mpikisano unayamba ngati maloto. Ilario anathawa, galimoto za Wendtmann zikumulondola ngati agalu otopa. Anthu pa mipando anachita misala, mbendera zili petupetu. A Zoboli ankadumphadumpha pa khoma, akuiwala kuti amene akuwachititsa manyaziwo ndi eni ake a injini. Ngakhale Ermes anayamba kudzitcha chitsiru. Mwina analidi mafuta otayikira.

Pakati pa mpikisano Ilario analowa kudzasintha matayala. Galimoto inaima pa malo ake, majeke n'kuitukula, mfuti zomasulira matayala zikulira mbali zonse. Ermes anali kutsogolo, atanyamula chikwangwani chouza dalaivala kuti aponde buleki. Ndi pamene anaona utsi. Unali wochepa, woyera, ukutuluka m'mphepete mwa chivundikiro cha injini, kuseri kwenikweni kwa mutu wa Ilario.

Makaniko wa tayala lakumbuyo anauonanso. "Utsi! Detlef ali kuti?"

"Detlef! Itanani Detlef!"

Zozimitsira moto zinali pa mapazi awo pomwepo. Chofunika chinali kutukula chivundikiro n'kupopera m'kati, ntchito yoti aliyense wa iwo akanaichita mosavuta. Koma anthuwo, Mulungu wanga, anabwerera m'mbuyo. Anapatuka kuti Detlef adutse, monga ankachitira masiku onse, maso ali ku khomo la galaja, manja atapita okha kumbuyo. Ermes naye anaponya chikwangwani pansi, n'kuima chimodzimodzi, akukuwa dzina la munthu amene iye mwini anamutumiza kwa anamwino.

Ilario sankaona zakumbuyo. Anangoona chikwangwani chitagwa, n'kuponda mafuta.

Phuu! Chivundikiro chinauluka, moto n'kukwera kupitirira denga la galaja. Mpweya wotentha unagwetsa anthu chagada. Wina ovolosi yake inayaka, akugubuduka pansi n'kumalira mayi ake. Petulo woyaka anayenderera pansi pa galimoto mpaka kutsogolo, tayala lina n'kuphulika. M'kati mwa malawiwo Ermes ankaona chipewa cha Ilario chikugwedezeka uku ndi uku, manja akulimbana ndi chomangira malamba. Malambawo anali othina, ndipo sankamasuka.

Ermes anafuna kulowa. Miyendo inakana. Moto unkamuwamba nkhope, iye atangoti kakasi, pakamwa pali yasa.

Munthu wina anamugunda paphewa n'kumudutsa. Anali Detlef, thonje lili m'mphuno, malaya ali magazi okhaokha, wopanda magolovesi. Anadziponya pa galimotopo, n'kulowetsa manja m'moto mpaka m'zigongono. Anakuwa ngati nkhumba yophedwa, koma sanatulutse manja mpaka chomangira chija chinamasuka. Anamukoka Ilario m'khwapa, onse awiri n'kugwera pansi akufuka utsi. Amakaniko a timu ya Angerezi ija anafika ndi zozimitsira zawo n'kuthira thovu paliponse. Ndi pamene miyendo ya Ermes inamasuka, n'kuthandiza kunyamula machira.

Kumbuyo kwake ankamva a Zoboli akukalipa ndi mawu osasa, "Phimbani injiniyo! Phimbani, ojambula asaione!"

Ku chipatala anafika dzuwa lisanalowe. Detlef anali atakhala pa benchi ya m'khonde, manja onse awiri atakulungidwa mabandeji mpaka m'mapewa, akunjenjemera ngakhale anamubaya jakisoni. Ermes anakhala kumapeto kwa benchi yomweyo. Nives anali ataimirira pa chitseko cha chipinda, chipewa chofiira chija chikadali kumutu.

Dokotala anatuluka n'kulankhula naye motsitsa mawu. Anati moto unalowa m'mapapo a Ilario, ndipo anayesetsa koma zakanika. Nives sanalire. Anagwedeza mutu ngati munthu amene akumuuza njira, kenako anatembenuka n'kuyenda pang'onopang'ono kupita pa benchi paja. Anaima pamaso pa Detlef, n'kuyang'ana mabandeji aja kwa nthawi. Anapitirira, n'kugwada patsogolo pa bambo ake.

"Bambo, inunso mwapsa? Tandionetsani."

"Nives, mwana wanga..."

"Ndionetseni, mwina mukufunika mankhwala."

Anagwira manja a Ermes n'kuwatembenuza, kunja ndi m'kati. Pa mfundo za zala panali timabala ta mano a Detlef. Kwina konse khungu linali losalala, ngakhale ubweya wa pa mkono unali wosawauka.

"Munali kutali?" anafunsa Nives.

"Ndinali pafupi."

"Pafupi bwanji?"

"Kutsogolo kwake penipeni. Amandiona."

Nives anawasiya manjawo, n'kupukuta ake pa diresi. Anadzuka n'kukakhala pafupi ndi Mjeremani uja, ndipo ali pamenepo ndi pamene anayamba kulira.