Mphunzitsi Analumpha M'ngolo ya Tiyi

A Cuthbert, mphunzitsi wa fizikisi wochokera ku Kasungu, anadikira yankho la Enid miyezi itatu. Enid anali wothyola tiyi, komanso wotsogolera kwaya kutchalitchi kwathu, ndipo anawalonjeza kuti Lachisanu anena ngati akulola ukwati. Tsikulo a Cuthbert anavala tayi, nakwera naye m'ngolo ya thirakitala yotenga masamba kupita kufakitale.

Munthu wanzeru akanangokhala chete pa thumba. Koma Mulungu anawapatsa a Cuthbert maphunziro, kudzichepetsa anakusungira tsiku lina.

"Enid, ukuganiza kuti tikuyenda? Kwa munthu ali pamsewu, inde. Koma kwa ife tili muno, taima. Ikuthamangira kumbuyo ndi minda ya tiyiyi."

"Ndiye a Bizwick akuwotcheranji dizilo?" anafunsa Enid, akuloza woyendetsa.

"Aliyense amayeza liwiro kuchokera pomwe ali. Kuwala kokha ndi kumene sikusankha. Uime, uthamange, kumakudutsa pa liwiro limodzimodzi, makilomita zikwi mazana atatu pa sekondi."

"Chosakonderacho ife timachiimbira Lamulungu lililonse, aphunzitsi."

Iwo sanamve. Anaimirira, nakonza tayi. "Taona. Ndilumpha, ngolo sindisiya ayi. Nditera pomwe pano."

Zimenezi n'zoona, bola ngolo isasinthe liwiro. Koma pokhota pa njira ya ku Kapichi panali nthambi zaziwisi zoyalidwa pamsewu, ndipo aliyense wa kuno amadziwa kuti apo pali maliro. A Bizwick anavula chipewa, naponda buleki. Ngolo inaima. A Cuthbert, ali m'malere, anapitiriza ulendo okha. Anawomba matumba akutsogolo, nagubudukira mungalande, thapsa!

Amayi amene ankaimba pasiwa anasiya nyimbo pakati. Apa munthu akanangodzisasa matope n'kupepesa, onse akanamuchitira chifundo. Koma a Cuthbert anadzuka mtima uli m'mwamba.

"Iwe Bizwick, mbuli yachabechabe! Ukuimira timasamba? Womwalirayo athamangira kuti?"

Onse pabwalo anawatembenukira. A Bizwick anangogwira chipewa chawo pachifuwa.

Enid anatsika pang'onopang'ono, namanga bwino chitenje. Womwalirayo sankamudziwa n'komwe, koma pasiwa safunsa dzina.

"Enid, nanga yankho langa?" anatero a Cuthbert motsitsa mawu, tayi ikudontha matope.

"Mwandiphunzitsa bwino, aphunzitsi. Inu pomwe muli mumakhala oima, ndipo dziko lonse, amoyo ndi akufa omwe, ndi limene liyenera kukuyenderani. Ndiye imani pomwepo. Muona ngati ine ndi amene ndikuchoka."

Anakagwada pakati pa amayi aja, nayambitsanso nyimbo pomwe inadukira. Mawu ake anamveka mpaka kutsidya kwa minda, ndipo a Cuthbert anawamva bwino lomwe, ali chiimire m'mbali mwa ngalande.