Misoko Iwiri

Simeoni anatembenuza diresi ija, nayikweza m'mwamba kuti onse okhala pamkeka aone msoko wake. Linali tsiku logawa zovala za mlongo wake Dainess, amene anamwalira akusanza magazi m'nyumba ya pa esiteti ya tiyi.

"Alamu, mkazi wa kapitawo amabweza diresi kuti ichepe chifukwa chiyani? Munamupatsa kaliwondewonde. Ana ndikupita nawo kwathu ku Thekerani."

Dixon, mwamuna wa malemu, kapitawo wa pa esitetipo, ankaudziwa mwambo. Ana ndi a kuchikazi. Malume akalamula, bambo amatsala ndi mipando. Komanso ndani pa esitetipo sanazinong'onepo zimenezi? Zaka zapitazo Dainess, mayi wathupi lake, anaonda mpaka anthu kumamupatsa moni wachisoni. Kenako ananenepanso, mphekesera n'kuzizira.

Amene anayankha anali Sellah, namwino wa kukiliniki, mnzake wa malemu wa kutchalitchi. Anati za odwala saulula, koma bodza lolanda ana salilekerera. Dainess anayezetsa magazi kawiri, analibe kachilombo. Vuto linali mafuta amene anakuta chiwindi. Adokotala anamuuza kuti mankhwala ake ndi miyendo: aziyenda ndawala mpaka thukuta, achepetse zonona ndi shuga. Iye anamvera. M'mawa uliwonse ankakwera chitunda pakati pa mizere ya tiyi, othyola tiyi akumuseka kuti mayi uyu alibe dengu kumsana, alibenso kopita. Thupi linatsika, chiwindi chinayamba kuchira.

"Kuonda kuja kunali kuchira," anatero Sellah. "Tayang'anitsitsani diresiyo, achimwene. Misoko ilipo iwiri."

Simeoni anayang'ana. Zoonadi, pambali pa ulusi panali timabowo ta singano m'ndandanda. Diresi inabwezedwa, kenako inamasulidwanso.

Dixon anagwira pakamwa. Anakumbukira tsiku limene anzake anamufunsa ngati kunyumba kuli bwino, iye n'kukabisa nsapato za mkazi wake, amvekere mkazi wa kapitawo sayendayenda ngati wosowa pokhala. Simeoni naye anakumbukira zake. Dainess atapita kumudzi pa Khirisimasi ali wochepa thupi, si iyeyo anamulirira ngati maliro, namuopseza kuti akapanda kubwerera m'thupi adzathetsa ukwatiwo? Mayi uja anasiya kuyenda, nayambiranso kudya zonona kuti mwamuna wake asalozedwe chala ndiponso kwawo agone tulo. Onse awiri anamuyamikira kuti tsopano wachira, chonsecho chiwindi chikuwonongekanso.

Panalibe woloza mnzake. Simeoni anapinda diresi ija pang'onopang'ono.

"Ana akhale ndi bambo awo," anatero osadzutsa mutu.

Maureen, mng'ono wa malemu, amene thupi lake linali lomwelo la mkulu wake, anapitiriza kutulutsa katundu akufwenthera. Pansi pa sutikesi anapeza nsapato zansalu zatsopano, zokulungidwa m'chitenje. Amayi ena anati zinali za malemu, koma Dixon anapukusa mutu: Dainess anali ndi phazi lalikulu, izi sizikanamulowa.

Sellah anazitenga, nagwada patsogolo pa Maureen.

"Malemu anagulira inuyo. Ankati ndawala ija adzakuyambitsani yekha, anthu akadzatopa kulankhula."

Maureen anavula patapata, nalowetsa phazi. Nsapato inamukwana ndendende.