Mnzako Ali Kuti, Leandro?

Griselda Huenchul ankakanda ufa wa mikate pamene wailesi inalengeza kuti Leandro Oyarzo athamanga nawo mpikisano wa m'mapiri chaka chimenecho, komaliza asanapume. Muulutsi anachita kumutcha kambuku wa ku Neuquén, mwamuna amene chipale chinamulephera. Griselda anazimitsa wailesiyo ndi chigongono.

"Wence!" anaitana mwamuna wake, amene ankawaza nkhuni kuseri. "Pikapu ija uikonze. Tikukaonerera mpikisano."

Wenceslao anasuzumira pakhomo, nkhwangwa ili m'manja. "Iwe amene umatseka makatani othamanga akamadutsa?"

"Ine ndemwe."

"Nkhalamba yanga, usandiputire milandu. Ndakula ine, ndipo kupolisi kumazizira."

"Leandro sindikamukhudza olo ndi chala. Ndikungofuna ndikamufunse funso limodzi."

Mpikisanowo umatenga masiku atatu. Anthu amathamanga awiriawiri, kukwera mapiri, kuwoloka mitsinje, kugona m'matenti m'mbali mwa nyanja, kukacha n'kuyambiranso. Kale mnzake wa Leandro anali Fermín, mlongo wake wa Griselda. Anyamatawa anakulira limodzi ku Junín de los Andes, ndipo Leandro, pokhala wamasiye, anakulira pamphika wa mayi awo a Griselda. Chaka china nyengo inatembenuka mwadzidzidzi ali pamwamba, chipale chinayamba kugwa, Fermín anaterereka pampata wa phiri n'kuthyoka mwendo. Leandro anatsika yekha. Atafika kwa oyang'anira mpikisano anawauza kuti mnzake watopa ndipo wabwerera m'mbuyo ndi gulu lina, iwo n'kumulola kupitiriza. Ndani akanapita kukafuna munthu woti wabwerera? Fermín anatoledwa m'mawa mwake ndi mbusa wa nkhosa, ndipo madokotala anamudula theka la phazi lakumanzere lomwe linali litafa ndi kuzizira.

Leandro anafika woyamba. Chithunzi chake chinatuluka m'nyuzipepala, kenako anatsegula sitolo ya nsapato ku Bariloche. Akamufunsa ankati, "Fermín anandiuza yekha kuti ndizipita." Fermín sanatsutse, sanavomere. Anangolowa m'shedi kuseri kwa nyumba yake n'kuyamba kukonza makina ochekera mitengo. Koma amene ankatsuka chilonda chija m'mawa ndi madzulo anali Griselda, ndipo fungo lake linali lisanamuchoke m'mphuno.

Tsiku loyamba Griselda sanapite koyambira. Anauza Wence kuti alunjike kumlatho wa matabwa, kumene njira ya othamanga imadula msewu wafumbi. Kumeneko kunali kale anthu, mabanja athunthu okhala ndi mbendera, mabulangete ndi agalu, aliyense maso pafoni kutsatira kadontho koimira m'bale wake. Griselda analibe za foni. Anali atabwereka belu lalikulu la pakhosi pa kavalo wotsogolera anzake, ndipo anaima nalo kumapeto kwa mlatho, pamalo oti munthu sangamulambalale.

Leandro anatulukira m'nkhalango dzuwa lili pamutu. Imvi zinali zitayamba, koma kathamangidwe kanali komweko, kopepuka ngati sakuponda pansi. Pambuyo pake pankabwera mnzake watsopano, bambo wamtali wa magalasi, wefuwefu. Anthu anaimba mfuu. Griselda anadikira mpaka phazi la Leandro litagunda thabwa loyamba, ndipo analiza belu lija mpaka agalu anauwa.

"Leandro! Mnzako ali kuti?"

Leandro anaseka n'kuloza kumbuyo ndi chala chachikulu. Kenako anaona nkhope ya wofunsayo. Kuseka kuja kunauma pamilomo, phazi linakodwa pathabwa, anachita kugwira chitsulo cha mlatho kuti asagwe.

"Ndakufunsa, Leandro! Mnzako ali kuti?"

Anadutsa maso ali pansi. Griselda anamva kutentha kokoma kukukwera kuchokera m'mimba mpaka kukhosi, ngati wamwa msuzi wamoto tsiku lozizira.

Mayi wina wa ku Buenos Aires, wachipewa chachikulu, amene ankatsatira mwamuna wake, anamukoka dzanja. "Pepani mayi, amenewo ndi mawu olimbikitsira a kuno?"

"Eya," anatero Griselda. "Kuno timalimbikitsana choncho. Makamaka Leandro amawakonda kwabasi."

Wence anakokera chipewa kumaso. "Ambuye atikhululukire," anang'ung'udza.

Mawu akoma m'kamwa sachedwa kufala. Pofika tsiku lachiwiri, paliponse pamene msewu unkayandikira njira ya othamanga, anthu ankamuimbira Leandro funso lomwelo, akuwomba m'manja, ana akuvina. Sankadziwa kanthu. Ankaona ngati akumuchemerera katswiri wawo. Griselda ankangoima chapatali ndi belu lake, n'kumaonetsetsa kuti Leandro wamuona. Wence ankayendetsa galimoto m'mabampu, kuthira madzi mu injini ikatentha, n'kumadandaula za msana.

Madzulo a tsikulo, dzuwa lisanalowe, Griselda anayatsa moto kunja kwa mpanda wa msasa n'kuyamba kukazinga timikate m'mafuta a nkhosa. Fungo linafika kumatenti. Woyamba kubwera anali Leandro, atafunda bulangete, nkhope itagwa.

"Griselda, ukufuna chiyani kwa ine?"

"Yankho."

"Zija zinatha kalekale."

"Phazi silinamere."

"Sunaliko iwe. Sukudziwa mmene kunalili pamwamba paja. Munthu sunkaona ngakhale dzanja lako."

"Koma njira yopita komalizira unaiona bwinobwino." Anatembenuza kamkate m'mafuta. "Amayi anamwalira akukutchula kuti mwana wanga. Kumaliro sitinakuone. Kapena kunalinso chipale?"

Leandro anatembenuka n'kubwerera kumatenti.

Posakhalitsa kunabwera wamagalasi uja, akuyenda ngati waponda minga. Anati dzina lake ndi Tobías, dokotala wa mano wa ku Córdoba, ndipo anali asanaonepo mapiri otere. Griselda anamupatsa timikate tiwiri totentha, n'kukana kulandira kanthu.

"Mayi, ndikufunseni," anatero Tobías akutafuna. "Chiyambireni nyimbo yanu ija mnzanga sakudya, sakulankhula, akungondikalipira. Mawu amenewa akutanthauzanji?"

"Mukamufunse kuti Fermín Huenchul ndi ndani. Akakuuzani kuti ndi munthu amene anatopa n'kubwerera, mudzabwere ndidzakuuzeni kumene mbusa anam'tola." Anamuyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi. "Muli ndi ana, dokotala?"

"Atsikana awiri."

"Mawa mukudutsa pampata womwewo umene anathyokera Fermín. Zala zanu zakumapazi muziwerengeretu."

Tobías anaseka pang'ono, koma poona kuti mayiyo sakuseka, anasiya. Wence anadikira kuti apite kaye.

"Apa ndiye waonjeza, nkhalamba. Walakwanji munthu wa mano?"

"Ndamunamiza pati?"

Wence anakanda m'mutu, koma bodza sanalipeze.

Tsiku lomaliza kunacha ndi mphepo ya kumadzulo, ija imakankha munthu ngati ng'ombe. Oonerera ambiri anathamangira kutauni kukadikira komalizira. Griselda anakana. Anapita kumunsi kwa mpata uja, kumene kunali katenti ka oyang'anira ndi anthu ochepa obisala kuseri kwa magalimoto. Anakhala pamwala, belu pamiyendo, maso kuphiri. Othamanga ankatsika m'miyala awiriawiri, ang'onoang'ono ngati nyerere, milomo itang'ambika, ena akulira osadziwa kuti akulira. Onsewo anawaombera m'manja. Analibe nawo chifukwa.

Kenako kunatsika munthu mmodzi, yekha. Magalasi ake ankanyezimira.

Bambo wina, mosadziwa, anakuwa mwachisangalalo, "Mnzako ali kuti?"

Tobías anaima patenti paja, manja m'mawondo. "Ali kumtunda, pathanthwe lalikulu," anauza woyang'anira mokweza, kuti aliyense amve. "Wabinya phazi, sangaponde. Ndamufunditsa jekete langa. Tumizani kavalo. Mwamva bwino? Sanabwerere m'mbuyo, ali pomwepo." Anamwa madzi, anayang'ana Griselda, n'kunena chapansipansi, "Anandipempha kuti ndikhale naye. Ndinamufunsa za Fermín, anandiyankha zozungulira." Atatero anapitiriza ulendo wake.

Griselda anagwira belu ndi manja kuti lisalire. Ankafuna Leandro akhale pathanthwe paja nthawi yaitali, amve mphepo ikulowa m'mafupa, aone msana wa mnzake ukuchepa mpaka kuzimiririka. Woyang'anira atatuma wapakavalo, mumtima anapempha kuti kavaloyo ayende mwaulesi.

Anatsika naye dzuwa litapendeka, atakhala pakavalo ngati thumba la mbatata, kakolo atatupa ngati dzungu. Ambulansi inali itapita ndi wothamanga wina amene anakomoka. Woyang'anira anayang'ana uku ndi uku, maso ake n'kugwera papikapu ya Wence.

"Mayi, mungatithandize? Mukamutule kuchipatala ku Junín."

"Ndi mtima wonse," anatero Griselda. "Mukwezeni kumbuyo. Kutsogolo kulibe malo."

Malo analipo, koma palibe anatsutsa. Anamukhazika pakati pa nkhuni ndi zikopa za nkhosa. Fumbi lonse la msewu linathera pa iye, ndipo pabampu paliponse ankamveka kubuula.

"Usazembe maenje, Wence. Matayala ndi olimba."

Atafika pamphambano ya kuchipatala Griselda anagwira chiwongolero. "Kumanzere."

"Kuchipatala n'kumanja, mkazi iwe."

"Wadikira pathanthwe, adikiranso pang'ono. Mlongo wanga anadikira mpaka kunacha."

Wence anapumira m'mwamba n'kukhotera kumanzere.

Fermín anali m'shedi, akunola tcheni cha makina. Atamva galimoto anatuluka akutsimphina, akupukuta girisi m'manja. Anaona mlongo wake, anaona mlamu wake, kenako anaona chimene chinali kumbuyo.

"Wakutuma ndani, Griselda?"

"Palibe."

"Ndinakuuza kuti ndikumufuna?"

"Sunanene. Iwe sunena kanthu. N'chifukwa chake ndakunenera."

Fermín anagwedeza mutu. "Mutsitseni, mlamu. Munthu sakhala m'galimoto pakhomo panga ngati nkhosa yogulitsa."

Anamukhazika pachitsa pafupi ndi mbaula ya m'shedi. Fermín anatereka ketulo, anadzaza m'chikho masamba a tiyi wa kumeneko wotchedwa mate, n'kuikamo kapaipi komwera. Chikho choyamba anamwa yekha, monga mwa mwambo. Anathiranso madzi n'kupatsa Griselda. Chitabwerera anathira n'kupatsa Wence. Leandro, amene milomo yake inali itauma gwa, anatambasula dzanja, poti tsopano inali nthawi yake. Chikhocho chinadutsa pamaso pake penipeni n'kubwerera kwa mwini wake. Fermín anamwa modekha mpaka kapaipi kanalira, n'kupatsanso Griselda.

Ku Junín ngakhale wakuba akalowa m'nyumba chikho chikuzungulira, amamwa kaye asanamuitanire apolisi. Wence anayang'ana kudenga. Dzanja la Leandro linakhala m'malere, kenako linagwera pabondo.

"Fermín," anatero Leandro. "Ndinakumva ukundiitana."

"Ndikudziwa. Unatembenuka. Ndinakuona."

"Ndinkati ndikafika pansi ndiwauza. Nditafika anandiuza kuti ndili patsogolo pa onse, ndiye pakamwa panangotuluka zina. Kenako ndinachita mantha kubweza mawu."

"Zaka zonsezi?"

Leandro anaphimba nkhope ndi manja n'kuyamba kulira, kulira konyansa, kwa mamina. Griselda anamuyang'anitsitsa osaphethira. Ankayembekeza kuti mwina chisoni chimugwira, poti uyu anali mwana yemwe ankamumeta tsitsi pakhonde. Sichinabwere. Anamwa tiyi wake mpaka kutha, ndipo anamukomera.

Fermín anadzuka, anakwera pampando, n'kutsitsa ndodo ziwiri zoyendera zimene zinali pamwamba pa mitanda, zitachita fumbi ndi akangaude. Anazipukuta ndi nsanza n'kuziimika pambali pa Leandro.

"Tenga izi. Poyamba zimapweteka m'khwapa, koma umazolowera. Chipatala ukuchidziwa, ukangodutsa tchalitchi n'kukhota. Mawa Loweruka wailesi imalandira anthu olankhula. Zimene wandiuza panozi ukanene kumeneko, ndi pakamwa pomwepo."

"Ndikanena."

"Ukapanda kunena, mlongo wangayu ali ndi belu, ndipo ku Bariloche si kutali."

Wence anayamba kufufuza makiyi m'thumba, koma Griselda anamuponda phazi. Anatuluka onse n'kuima pageti, kumuyang'ana Leandro Oyarzo akudumphira pandodo mumsewu, nambala ya mpikisano idakali pachifuwa, agalu a anthu oyandikana nawo akumulondola. Anagwa kamodzi pafupi ndi ngalande, anadzuka yekha.

Atakhota pakona Fermín anatembenukira mlongo wake. "Kunyumba kuno kulibe chakudya. Timikate tija tatsalako?"

"Tazizira."

"Bwera nato, titenthetsa pambaula."