Khwangwala wa M'jumbo

Mayi Bernadetta Kachingwe adagwira ntchito ya unamwino zaka makumi atatu. Nyumba yawo inali m'mphepete mwa msewu wa M1, pafupi ndi pomwe akabaza a njinga zamoto ankadikirira anthu opita ku Mphunzi. M'mawa uliwonse ankatuluka atavala juzi, n'kuyamba kudzudzula aliyense wothamangitsa njinga kapena wopanda chipewa choteteza mutu.

Tsiku lina lole idataya chimanga pamsewupo. Akhwangwala adatera n'kuyamba kutola. Minibasi ikamabwera ankadumphira pambali, ikadutsa n'kubwereranso.

"Taonani anzanuwo," adatero mayiwo kwa akabaza aja. "Ine ndasokapo mitu ya madalaivala, ya aphunzitsi, ngakhale ya abusa, koma khwangwala wogundidwa ndi galimoto sindinamuonepo. Amadya diso lili kumsewu. Sayankha foni, sanyamula anthu atatu ndi mbuzi."

A Dalton Chimphamba, bambo wa ana anayi wodziwika ndi liwiro, adaseka. "Amayi, khwangwala angabwere bwanji kuchipatala?"

"Ndiye mubwere naye kwathu kuno. Mukapeza mmodzi yekha wofera pamsewu, ndisiya kukuvutitsani nonsenu."

A Dalton adavomera. Masiku asanu adafunafuna kuchokera ku Bembeke mpaka ku Linthipe. Adapeza galu, nkhuku ziwiri ndi nsapato imodzi. Khwangwala ayi.

Loweruka adatulukira akutsimphina, malaya ali matope okhaokha, jumbo yakuda ili m'manja. Anzawo adasonkhana pakhonde pa mayiwo.

"Nayu khwangwala wanu. Lole yonyamula matabwa yamugunda ine ndikuona."

Mayi Bernadetta adavala magalasi. Adaitembenuza mbalameyo, natambasula mapiko onse awiri, napapasa miyendo. Kenako adaloza kabala kozungulira pansi pa khosi.

"Mafupa onse ndi athunthu, a Dalton. Lole yakeyo inali yaing'ono ngati mwala wa legeni?"

Khonde lonse lidafa ndi phwete. A Dalton adayang'ana pansi.

"Nanga bondoli latani?" adafunsa mayiwo. "Khalani apa ndione."

Mayiwo akutsuka balalo ndi madzi amchere, bamboyo adaulula zonse. Adabwereka legeni, nakagwetsa khwangwalayo kumtaya wa kumsika. Atangomuika m'jumbo, akhwangwala ena adadzuka mumtengo wa paini, khwa! khwa! n'kuyamba kuwalondola. Iwo adaliza njinga, koma mbalamezo zinkatsika n'kumawajompha pamutu. Adayang'ana kumwamba kamodzi kokha, tayala n'kulowa m'ngalande.

"Mwachita mwayi kuti inali ngalande," adatero mayiwo akumanga bandeji. "Mukanakhotera mbali inayo, lero tikanaimba nyimbo za maliro. Musanyowetse balali masiku atatu. Ndipo mbalameyo mukaikwirire, ilibe mlandu."

A Dalton adakaikwirira kuseri kwa munda, koma akhwangwala sadaiwale nkhope yawo. Lolemba atangoimika njinga pamalo pawo, asanu adatera pawaya wa magetsi n'kuyamba kukuwa. Mayi wina wa dengu la mbatatesi adakwera njinga yawo, adaona mbalame zikuzungulira, natsika msanga kukakwera ya kabaza wina, a Alufeo. Pofika masana panalibe yemwe adalola kunyamulidwa ndi iwo.

Mwezi wonsewo a Dalton adakagwirira ntchito ku Bembeke, ndipo anthu akumeneko ankawayamikira kuti ndi kabaza woyendetsa mofatsa.