Nambala Naini Apita kwa Mkamwini

Ba Sanford ankagulitsa mbewu ndi feteleza pa Chongwe, koma udindo umene ankayenda nawo monyada unali wina: utcheyamani wa ligi ya mpira wa pafoni. Munali amuna a ku tchalitchi okhaokha, aliyense ndi timu yake ya osewera opangidwa ndi kompyuta, oti sanapondepo udzu. Malamulo a ligiyo analemba okha, ndipo ankawatchula ngati mavesi.

Lamulo lina linkati wosewera akamasulidwa alibenso mwini, ndipo timu ya pansi penipeni ndiyo iyamba kusankha. Lina linkati anthu awiri akafuna kusinthana osewera, gulu lonse lione ndi kuvota, kuopa chinyengo cha pachibale.

Tsono womwetsa zigoli wa Ba Sanford, wa dzina lopinda lilime amene onse ankangomuti Nambala Naini, anathyoka mwendo. Timu inali yodzaza, ndipo Ba Sanford ankafuna malo a goloboyi wina. Anamumasula. Ndani angatole wovulala? Akachira adzamutenganso mwakachetechete.

Anamutola Kondani wa ku Bundabunda, amene timu yake inali pansi chiyambire ligi. Kondaniyu ndiye anakwatira Peace, mwana woyamba wa Ba Sanford.

Mwendo unapola sabata imene matimu awiriwa ankayenera kukumana m'chikho. Ba Sanford anamufuna munthu wawo, koma mkamwini sapemphedwa kanthu maso ndi maso. Anaitana Ba Abson, amene anali nkhoswe pa ukwati uja.

"Mupiteko ku Bundabunda. Mukakambe bwino, osati monga nipempha."

"Nikakambe kuti apongozi afuna mwana wawo abwerere? Uti, Peace kapena wa mwendo uja?"

"Musaseke, Ba Abson. Iyi ni nkhani ya ligi."

Ba Abson anapalasa njinga. Kondani anamvetsera atagwada, kenaka anatola foni n'kutumiza pempho la kusinthana: iye apereke Nambala Naini, apongozi apereke kagoloboyi kachitatu kamene sikanagwirepo mpira. Foni, posadziwa ulemu, inaonetsa zonsezi ku gulu lonse, monga mwa lamulo.

Woyamba kulemba anali Cheelo, wokonza njinga zamoto. "Ba Tcheyamani, iyi ni mbali ya malowolo?"

"Mawa azatenga na mapolo a golo," anatero wina.

Prince, wa kwaya, sanawonjezere mawu ake. Anangokopera lamulo la chinyengo cha pachibale, pamodzi ndi dzina la mlembi wake pansi.

Onse anavota kukana. Tcheyamani amavota pomaliza. Ba Sanford anayang'ana foniyo makutu akutentha, nakana pempho lawo lomwe. Analemba kuti, "Malamulo ni malamulo."

Kunyumba, akazi awo Ba Fyness anali atamva kale.

"Mwatuma nkhoswe mtunda wonse uja chifukwa cha munthu wa mufoni? Amake Kondani ataona Ba Abson pakhomo anayamba kulira. Anaganiza kuti ukwati watha. Nkhuku yafa polandira nkhosweyo, atate ake Peace!"

Ba Sanford anati akukaona ngati mbuzi zamwa madzi.

Loweruka masana mpira unaseweredwa. Ba Sanford atatsegula foni kuseri kwa matumba a feteleza, anaona kuti Kondani wamukhazika Nambala Naini pabenchi, wamoyo bwinobwino, ndipo kutsogolo waikako kamnyamata koteteza kumbuyo. Timu ya Ba Sanford inamwetsa zigoli zinayi. Gulu lonse linaona mndandanda wa osewerawo.

Uthenga unabwera umodzi, wa Kondani: "Mwasewera bwino, atate."

Lamulungu amuna a ligi analonjera tcheyamani wawo pakhomo la tchalitchi ngati mpongozi, mowomba m'manja, mawondo atapinda pang'ono, nkhope zili phee. Ba Sanford, amene ankakhala benchi ya kutsogolo chiyambire, anakakhala kumbuyo pafupi ndi chitseko, pamodzi ndi amayi a ana olira.