Boraksi Wochita Thovu

Munthu amene wachapa zovala za anthu kwa zaka makumi anayi sakhala pansi mosavuta. A Dobi atasamukira kwa mwana wawo wamkazi, yemwe anali namwino, anapeza kuti m'nyumbamo mulibe ntchito yowadikira. Zovala ankachapa ndi makina, kabokosi koyera kolira ngati kali ndi chifuwa. Akati agwire simbi asite, namwinoyo ankathamangira kudzawalanda. "Bambo, pumulani, inu munagwira kale ntchito." Akati asese pakhonde, mkamwini wawo, mphunzitsi wa masamu, ankachita manyazi mpaka thukuta kamukamu. Choncho a Dobi ankapumula. Ankapumula m'mawa, kupumulanso masana, ndipo pofika madzulo amakhala atatopa nako kupumulako.

Zinkawapweteka, tisabise. Ulemu wochulukawo unawasandutsa mpando wa alendo, womangopukutidwa fumbi. Mng'ono wawo, amene anatsala ndi kashopu kawo kochapira, ankaimba foni Loweruka lililonse. "Achimwene, bwererani kuno. Muzidzagona mosungira zovala muja, bola muzidzagwirako kenakake." A Dobi anali atavomera chamumtima kuti mwezi ukatha anyamuka, ngakhale mawondo ankakana, ngakhalenso ankadziwa kuti mwana wawo adzalira.

Mpando wawo unali pabalaza, moyang'anana ndi thanki yagalasi ya mkamwini. Munali madzi amchere, tinsomba tinayi tamawangamawanga, ndi makorali, tinyama tomera pamiyala ngati timitengo topanda masamba. Mphunzitsiyo ankawakonda makorali akewo kuposa chakudya. Akabwera kusukulu ankayamba wapereka moni kwa apongozi ake, inde, koma diso limodzi lili kale pagalasi.

Lachitatu lina anafika nkhope ili yakugwa. Madzi a m'thanki amene anatumiza kokayeza anapezeka kuti akuperewera boroni.

"Boroni ndiye ndaninso, akamwini?" anafunsa a Dobi.

"Ndi kamchere kena kochepa kwambiri ka m'madziwa, bambo. Makorali amakatenga pomanga mafupa awo. Mwina n'chifukwa chake aleka kukula. Botolo lake kusitolo ya nsomba latha, akuti lifika mwezi wamawa. Koma ndawerenga kuti boraksi wochapira yemweyu amathandiza, poti boroniyo ali momwemo."

Atamva za boraksi, a Dobi anatchera khutu, koma sanalowererepo. Thanki si yawo, ndipo mkamwini ndi munthu wophunzira.

Mphunzitsi anatulutsa paketi imene anagula panjira, n'kukhala patebulo ndi pepala, cholembera ndi kasikelo kakang'ono. Pa masamu ndiye panali pakwawo. Malita mazana atatu a madzi, ufa wosakwana magalamu atatu, wothira pang'onopang'ono sabata yonse kuti madzi asasinthe mwadzidzidzi. Anawerengera kawiri, n'kudzichonga yekha. Koma atang'amba paketi ija, kafungo ka mandimu kanayenda mpaka pampando wa a Dobi.

Anayesa kudzigwira. Anakhosomola, mkamwini sanamve. Ataona supuni ikunyamuka kupita kukapu ya madzi, ulemu wonse anauika pambali.

"Akamwini, tandipatsani kaye ufawo."

Anautsina ndi zala zonyowa, unali woterera. Anaitanitsa botolo lopanda kanthu, n'kuthiramo kaufa ndi madzi, n'kuligwedeza katatu. Thovu linakwera mpaka m'khosi mwa botolo.

"Boraksi weniweni sanunkhira," anatero, "ndipo sachita thovu ngakhale mutamugwedeza mpaka mkono kuwawa. Uyu amusakaniza ndi sopo. Malaya anu a kusukulu angayere naye bwino, koma nsomba zanuzi sindinazimve zikupempha kusamba."

Mphunzitsi anatembenuza paketi, n'kupeza timalemba tating'ono kumunsi tonena zomwezo. Anakhala pansi atagwira mutu. "Sopo! Ndikanapha thanki yonse ndi dzanja langa lomwe. Zaka zisanu ndikulera makoraliwa!"

"Masamu anu analondola," anatero a Dobi pomutonthoza. "Ufawu ndi umene walephera mayeso. Valani nsapato, ndikakusonyezeni kumene ochapa timagula."

Anayenda mkulu patsogolo, mphunzitsi pambuyo ngati mwana wa sukulu. Anadutsa owotcherera zitsulo, kudutsa wosoka nsapato wa pakona, n'kulowa kanjira kothina kuseri kwa depoti ya mabasi. Mawondo aja, amene ankadandaula ngakhale popita kubafa, tsiku limenelo anakhala chete. Kumapeto kwa kanjirako kunali kasitolo kamdima konunkhira sitachi, ndipo mayi wogulitsa atawaona anaomba m'manja.

"A Dobi! Ife tinkati munatitaya! Taonani kunenepa, akukusungani bwino kumeneko."

"Akundisunga mopyola, mayi. Tipatseni boraksi wopanda chosakaniza, wa m'paketi yomata ija. Awa ndi akamwini anga, amaweta miyala."

Mayiyo anaseka mpaka kugwira shelefu. Mphunzitsi nayenso anaseka, poti kukana sakanatha. A Dobi sanachoke asanamuyese ufa watsopanoyo m'botolo pomwepo, ndipo madzi anangoti phee, opanda thovu ngakhale limodzi.

Kunyumba mphunzitsi anayeza ufa pasikelo, n'kuuthira m'jagi ya madzi osefa amene ankathira m'thanki. Unamira n'kukhala pansi ngati mchenga. Anatakasa, anatakasa, ufa uli pomwepo.

"Boraksi ndi madzi ozizira sagwirizana," anatero a Dobi. "Afunditseni kaye. Asawire, angofunda poti chala chipirire."

Namwino pobwera kuntchito anawapeza kukhitchini, mitu itagundana pamwamba pa jagi, bambo ake akutakasa ndi supuni yaitali. Anatsegula pakamwa kuti anene mawu ake a masiku onse, koma mwamuna wake anamuimitsa ndi dzanja. "Musawasokoneze, amayi. Bambo akusungunula." Madziwo anayera mbee.

Panatsala vuto limodzi. Mankhwalawo ankayenera kuthiridwa kangapo patsiku, pang'ono kwambiri, pamene mphunzitsi ankachoka m'mamawa n'kubwera dzuwa litapendeka. Anaima kwakanthawi akukanda kumutu, kenako anatenga sirinji yopanda singano, n'kuipereka ndi manja awiri.

"Bambo, pepani kukutumani. Kodi mungamandithirireko masana?"

"Tiona ngati ndingapeze mpata," anatero a Dobi, nkhope ili gwa. Mumtima ankavina.

Mpata unapezeka. Ankathira mpaka pamzere umene anawasonyeza, osapitirira ngakhale dontho, pafupi ndi pampu pamene madzi amathamanga. Sabata ya boraksi itatha, iwo anali atapeza kale zina. Galasi la thanki analipukuta mpaka mlendo wina anagunda mphuno. Kenako anatulukira timatumba tansalu tosefera madzi, timene mkamwini ankangotitsukuluza mwaulesi, ndipo anapukusa mutu ngati aona kolala yakuda pa malaya a ukwati. Timatumbato sitifuna sopo ngakhale pang'ono, timafuna manja odziwa kufikisa, ndipo manja oterowo m'nyumbamo anali awiri okha.

Kuona maso a nkhono n'kudekha. Patapita masabata atatu, a Dobi ndiwo anayamba kuona timitu toyera kunsonga za korali wofiirira wa pakati. Anaganiza kuti wadwala, ndipo anakhala tsiku lonse mtima uli m'mwamba. Mkamwini atafika n'kusuzumira, analumpha ngati mwana.

"Akukula, bambo! Toyerato ndi mafupa atsopano!"

Kaya anali boroni, kaya timatumba toyera tija, palibe angalumbire. Mphunzitsi ankati ndi apongozi ake, apongozi ankati ndi masamu a mkamwini, ndipo namwino ankati onse awiri mitu yawo ndi imodzi.

Loweruka lomaliza la mwezi foni inalira a Dobi manja ali m'beseni mpaka m'zigongono. Mwana wawo anaitenga n'kuwagwirira pakhutu, ndipo mawu a mng'ono wawo anamveka m'khitchini monse.

"Achimwene, chipinda chija ndasesa, mphasa ndagula. Mufika tsiku liti?"

Namwino anadabwa. Za ulendowu anali asanamvepo. A Dobi anamuyang'ana mwana wawoyo, n'kupitiriza kufikisa katumba.

"Iwe, mphasayo ugonepo wekha, ine sindibwera," anatero. "Ndipo uimbenso mawa. Pano ndatanganidwa."

Chaka chathunthu anali asanatchule mawu amenewo. Anawakomera m'kamwa, moti foni itaduka kale anawabwerezanso mokweza, kuti ndi mkamwini pabalaza amve: "Ndatanganidwa, ine."